Mafunde a gravity amayenda pa chiyani ngati kumwamba kulibe madzi?

Funso lochokera ku Nkhotakota: "Ndine mphunzitsi wa Physics pasekondale ina kuno. Tili pa mutu wa mafunde, ndinatchula zoti asayansi anagwira mafunde a gravity ochokera kutali kumwamba. Mnyamata wina wa Fomu 4, mwana wa msodzi, anaimika mkono n'kuti: 'Aphunzitsi, mafunde a panyanja amayenda pa madzi, mawu amayenda mumpweya. Nanga amenewo akuyenda pa chiyani? Ndipo ngati amagwedeza dziko, bwanji sitiwamva monga timamvera chivomerezi?' Ndinamuyankha zongoti tipitirire, koma ine mwini sindinakhutire. Ndimamvanso kuti nkhaniyi ikukhudzana ndi quantum. Kodi zimenezi n'zotsimikizika, kapena ndi nkhambakamwa za anthu ophunzira?"

Aphunzitsi,

Mnyamata ameneyo mumusunge bwino. Funso limene wakufunsani linamuzunguza mutu Albert Einstein mwiniwake kwa zaka makumi awiri, mpaka nthawi ina anakhala pansi n'kulemba kuti mafundewo kulibe. Ngati munasowa chonena pamaso pa kalasi, si inu woyamba.

Chimene chimagwedezeka mafundewa akamadutsa ndi mtunda weniweniwo. Danga la pakati pa inu ndi bolodi limatalika pang'ono, kenako n'kufupika, inu musanasunthe phazi, bolodinso ili pomwe inakhomedwa. Zikumveka ngati zamatsenga, ndiye tiyeni titsikire kudoko.

Ine ndinakulira ku Senga Bay, ndipo sindinapeze chofotokozera chabwino kuposa ukonde. Mumuuze mnyamatayo abweretse chidutswa cha ukonde wakutha wa bambo ake. Ana anayi agwire mbali zinayi. Awiri oyang'anizana akakoka, diso lililonse la ukondewo limatalika cha kumene akukokerako, n'kupanikizika mbali inayo. Akaleka, anzawo awiri aja n'kukoka, maso amatembenuka, kumene kunali kotalika kwafupika. Azisinthana choncho mwachangu. Mfundo iliyonse ikadali pamalo pake, palibe imene yadumphira pa diso lina, koma mtunda wa pakati pa mfundozo ukusinthasintha. Funde la gravity likamatsika kuchokera kudenga kuboola ukondewo kulowa pansi, limachita zimenezo ndendende.

Koma chenjerani, mwana wotereyu akugwirani pomwepa. Ukonde uli ndi ulusi, ndipo ulusiwo uli m'kati mwa mpweya kapena madzi. Malo alibe ulusi, ndipo sali m'kati mwa chinthu china. Fanizo lathu lathera pamenepo. Maganizo oti funde lililonse liyenera kukhala ndi chokwerapo asayansi nawonso anali nawo m'zaka za m'ma 1800. Ankati kuwala kumayenda pa chinthu chosaoneka chimene anachitcha ether. Mu 1887 Albert Michelson ndi Edward Morley anapanga chida chogawa kuwala pawiri, kukutumiza njira ziwiri zopingasana, n'kukubweza ndi magalasi, kuti aone ngati ether akuchedwetsa mbali imodzi. Sanapeze kanthu. Kuwala kwa dzuwa kumatipeza kudutsa mopanda kalikonse, osakwera pa chilichonse. Chida chawocho muchikumbukire, tikumana nacho kutsogoloku chitakula.

M'kalasi timaphunzitsa gravity ya Isaac Newton, ya mu 1687: chinthu chilichonse chimakoka chinzake, ndipo kukokako kumafika nthawi yomweyo ngakhale patalike bwanji. Masamu ake akugwirabe ntchito mpaka lero, koma pa mawu oti "nthawi yomweyo" anaphonya. Mu November 1915 Einstein anamaliza chiphunzitso cha general relativity, chimene chimati chinthu cholemera chimapinda malo ndi nthawi pozungulira pake, ndipo zinthu zina zimangotsata kupindikako. Uthenga woti kupindikako kwasintha sungathamange kuposa kuwala. Kuwala kwa dzuwa kumatenga mphindi 8 ndi masekondi pafupifupi 20 kuti kufike kuno. Dzuwa litati ligwedezeke mwadzidzidzi pompano, dziko lathu lingamve kukoka kwasintha patapita mphindi 8 zomwezo. Kusintha koyenda kumeneko ndilo funde la gravity. Einstein analemba za mafundewa mu 1916, n'kukonza zimene analakwitsa mu 1918.

Si kuyenda kulikonse kumene kumawatulutsa. Mpira wobulungira bwino ukamazungulira pamalo amodzi sutulutsa kanthu. Pamafunika zinthu ziwiri zozungulirana, kapena chinthu cholemera mbali imodzi. Dziko lathu pozungulira dzuwa limatulutsa mafunde a gravity, koma mphamvu yake yonse ndi mawati pafupifupi 200. Dziko lonse lathunthu, mababu awiri akale aja a 100! N'chifukwa chake kwa zaka zambiri anthu ankati ngakhale mafundewo alipo, palibe adzawayeze.

Vuto lina linali m'masamu momwemo. M'chiphunzitso chimenechi munthu ali ndi ufulu wolozera malo ndi manambala m'njira iliyonse imene wafuna, ngati kujambula mizere pamapu. Ukajambula mizere yokhotakhota, ukhoza kuona mafunde amene ali papepala pokha. Kusiyanitsa funde lenileni ndi la papepala kunavuta, moti mu 1936 Einstein ndi Nathan Rosen analemba nkhani yonena kuti mafundewa kulibe. Magazini ya Physical Review inaipereka kwa katswiri wina kuti aiunike, katswiriyo anapezamo cholakwa, Einstein anapsa mtima n'kulanda nkhani yake. Pamene inkatuluka kwina mu 1937, inali itasintha mawu. Mu 1952 mayi wa ku France, Yvonne Choquet-Bruhat, anatsimikizira mwamasamu kuti ukadziwa mmene malo alili pa nthawi ina, masamu a Einstein amapereka yankho limodzi la zimene zitsatire, ndiponso kuti kusintha sikufalikira mothamanga kuposa kuwala. Kenako mu 1957, pamsonkhano wa asayansi ku Chapel Hill, ku America, Richard Feynman anabwera ndi fanizo loti ngakhale mwana amva. Vekani mikanda iwiri pa ndodo. Funde likadutsa, mikandayo itsetsereka uku ndi uku n'kumakhulana ndi ndodo, ndodo itentha monga popekesa moto. Chotenthetsa ndodo sichingakhale cha papepala.

Umboni woyamba wa m'chilengedwe unabwera molambalala. Mu 1974 Russell Hulse ndi Joseph Taylor, pa dishi yaikulu ya wailesi ya ku Arecibo, anapeza nyenyezi ziwiri za neutron zozungulirana pa maola osakwana 8. Nyenyezi ya neutron ndi chotsalira cha nyenyezi imene inaphulika: imalemera kuposa dzuwa, koma m'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 20, ngati kuchoka pa Kamuzu Road kukafika ku Senga Bay. Zitayang'aniridwa zaka zingapo, zinapezeka kuti zikuyandikirana ndi mamita pafupifupi atatu ndi theka pachaka, mlingo womwewo umene masamu amanena ngati mphamvu ikuthawira m'mafunde a gravity. Awiriwo analandira mphoto ya Nobel mu 1993. Kunali kuona mapazi a mvuu m'munda wa mpunga mamawa. Mvuuyo sunaione, koma sungatsutse kuti yadutsa.

Mvuu yeniyeniyo inaoneka Lolemba pa 14 September 2015, nthawi ili 11:50 kuno kwathu, amayi atateleka za nkhomaliro. Chida chimene chinaigwira ndi LIGO, mdzukulu wa chida cha Michelson chija. Zilipo ziwiri ku America, china ku Hanford m'chigawo cha Washington, china ku Livingston m'chigawo cha Louisiana. Dzina la Livingston n'kungofanana chabe ndi la David Livingstone wa pansi pa mtengo uja wa kwanuko. Chilichonse chili ndi mapaipi awiri olumikizana ngati chilembo cha L, paipi iliyonse makilomita 4, m'kati mopopedwa mpweya wonse. Kuwala kwa laser, ndalemba dala mwachingerezi chifukwa ndikati leza akuluakulu ayesa ndikutchula Mulungu, kumagawidwa pawiri. Mbali iliyonse imapita ndi kubwerera pakati pa magalasi maulendo pafupifupi 300, kenako zimakumana. Mikono iwiriyo ikakhala yofanana, nsonga ya funde lina imagwera m'chigwa cha linzake, zimafafanizana. Mkono umodzi ukatalika unzake n'kufupika, monga maso a ukonde aja, kuwala pang'ono kumadontha, ndipo kachida kowerengera kamakuona.

Tsiku limenelo kunadontha kuwala kwa nthawi yosakwana theka la sekondi. Gwero lake linali ma black hole awiri, malo amene zinthu zapanikizika kwambiri moti ngakhale kuwala kukalowamo sikutulukanso. Wina ankalemera ngati madzuwa 36, wina 29. Ataphatikizana panatsala mmodzi wa madzuwa 62. Muwapatse ana awerengere okha: 36 ndi 29 ndi 65, nanga atatuwo apita kuti? Anasanduka mafunde. Pa kamphindi kameneko mphamvu yotuluka inaposa kuwala kwa nyenyezi zonse zimene tingathe kuziona kuphatikiza pamodzi. Mafundewo anayenda zaka pafupifupi 1.3 biliyoni, ananyamuka nyanja yathuyi isanakumbike, padziko pasanakhale nsomba ngakhale imodzi. Pofika kuno ankagwedeza kuyambira maulendo 35 pa sekondi kukwera mpaka 250, mlingo umene khutu la munthu limamva. Ukawasandutsa mawu amamveka ngati botolo likudzaza pampopi, liwu likukwera mofulumira, kenako zii.

Nanga bwanji sitinamve? Ndinali mwana pamene chivomerezi cha usiku wa pa 10 March 1989 chinagwetsa nyumba kwathu ku Salima, ndipo ndimakumbukira tikugona panja masiku otsatirawo. Chivomerezi ndi thanthwe limene lathyoka pansi pathu pompano, m'chigwa chachikulu chimene nyanja yathu yagonamo, ndipo funde lake limayenda m'miyala. Funde la gravity silifuna miyala. Limaboola dziko lonse ngati palibe kanthu, ndipo limafika litafooka ndi mtunda. Pa 14 September paja, nyanja yonse ya Malawi, makilomita oposa 550 kuchokera ku Mangochi mpaka kumpoto kwa Karonga, inatalika ndi kufupika ndi mlingo wosakwana kukula kwa proton imodzi. Proton ndi kachinthu ka pakati pa atomu, kochepa maulendo pafupifupi 100,000 kuyerekeza ndi atomuyo, ndipo kuti mudutse m'mimba mwa tsitsi limodzi muyenera kundandalika maatomu masauzande mazanamazana. Pa mkono wa LIGO wa makilomita 4, kusinthako kunachepa maulendo mazana angapo kuposa proton. Malo ndi ouma kuposa chitsulo chilichonse. Madzuwa atatu athunthu anatha, ife n'kulandira kugwedezeka koteroko. Ndiye mafundewa sakukhudzana ndi chivomerezi, mvula, kapena mwera.

Tifike pa funso lanu la nkhambakamwa. Kukayika n'koyenera, chifukwa nkhaniyi inachititsapo anthu manyazi. Mu 1969 Joseph Weber analengeza kuti wawagwira mafundewa ndi zitsulo zazikulu za aluminiyamu. Ena anapanga zitsulo zonga zomwezo, sanamve kanthu. Mu 2014 gulu la BICEP2, loyang'ana kumwamba lili ku South Pole, linati laona zizindikiro za mafunde a pachiyambi pa chilengedwe, koma zinapezeka kuti linali fumbi la mumlalang'amba wathu womwewu. Komanso LIGO imamva chilichonse: magalimoto, odula mitengo m'nkhalango ya ku Louisiana, mafunde a nyanja yamchere akumenya gombe, chivomerezi cha kutsidya lina la dziko. Ku Hanford nthawi ina anavutika ndi kaphokoso kosadziwika, n'kupeza kuti ndi akhwangwala amene ankajompha madzi oundana pa mapaipi ozizira nthawi yotentha.

N'chifukwa chake zida zili ziwiri, motalikirana makilomita pafupifupi 3,000. Khwangwala wa ku Hanford sangajomphe ku Livingston. Apa pali samu yabwino ya Fomu 4. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi, ndiye makilomita 3,000 kumawadutsa pa magawo 10 a magawo 1,000 a sekondi. Funde loona liyenera kuoneka kuwiri konseko mosiyana nthawi yosapitirira pamenepo. Lija linafika ku Livingston, patapita magawo 7 n'kufika ku Hanford, mawonekedwe ake ofanana.

Koma chimene chimandikhutiritsa ine kwambiri ndi masamu. Mawonekedwe a fundelo anali atawerengedwa kale lisanafike. Zimenezi sizinali zophweka. Pa zinthu ziwiri zozungulirana, masamu a Newton mwana wa chaka choyamba ku yunivesite amawamaliza papepala. A Einstein alibe yankho lolembeka lotero. Kwa zaka makumi angapo, akaika ma black hole awiri pakompyuta, pulogalamu inkafa iwo asanagundane. Amene anayamba kuwoloka mu 2005 ndi Frans Pretorius, wobadwira ku Johannesburg. Pambali pake panali njira ya Alessandra Buonanno ndi Thibault Damour ya mu 1999, yosandutsa vuto la zinthu ziwiri kukhala ngati la chinthu chimodzi. Pophatikiza njira zotere anapanga zitsanzo masauzande mazanamazana za mmene funde lingaonekere malinga ndi kulemera kwa ma black hole, ndipo makompyuta amayerekeza phokoso lolowa ndi chitsanzo chilichonse. Mwini chilimira akaima pagombe mbandakucha, maboti ambiri akubwerera, amazindikira injini yake pakati pa zinzake chifukwa kulira kwake ali nako kale m'mutu. Wosaidziwa amangomva phokoso.

Anthu a LIGO ankadzikayikiranso okha. Mu 2010 kagulu kochepa kanalowetsa mwachinsinsi funde labodza m'zidazo. Anzawo analifufuza miyezi isanu ndi umodzi mpaka kulemba nkhani yoti afalitse, n'kuuzidwa mu March 2011 kuti anali mayeso. Ndiye mu 2015 chinthu choyamba kufunsa chinali chakuti, kodi si amene aja? Anafufuza miyezi isanu asanalengeze pa 11 February 2016. Mphoto ya Nobel ya 2017 inapita kwa Rainer Weiss, Barry Barish ndi Kip Thorne.

Amene anali akukayikabe anatsekedwa pakamwa pa 17 August 2017. LIGO inamva nyenyezi ziwiri za neutron zikuzungulirana kwa masekondi pafupifupi 100 mpaka kugundana. Patangopita masekondi 1.7, setilaiti ya Fermi, imene sikhudzana ndi LIGO, inaona kung'anima kwa kuwala kwa gamma, kuwala kwamphamvu kwambiri kosaoneka ndi maso. Mothandizidwa ndi chida cha Virgo cha ku Italy analoza chigawo cha thambo, ndipo maola osakwana 12 telesikopu ya ku Chile inapeza kadontho katsopano kowala mumlalang'amba wa NGC 4993. Kuwala ndi funde la gravity zinathamanga limodzi zaka 130 miliyoni n'kusiyana masekondi osakwana awiri, kutanthauza kuti liwiro lawo ndi limodzi. M'kuwala kwa kadonthoko munali zizindikiro za zitsulo zolemera zongopangika kumene, ndipo kugundana kotere ndi kumodzi mwa kumene golide amachokera.

Za quantum, malamulo amene tinthu ting'onoting'ono monga maatomu timatsata, ndi pamene anthu ambiri amasakaniza nkhani ziwiri. Funde limene LIGO imagwira silifuna quantum kuti lifotokozedwe. Masamu a 1915 amakwana. Quantum ili m'chida choyezeracho. Kuwala kumabwera m'timagawo totchedwa ma photon, ngati mvula padenga la malata. Ngakhale mvumbi wooneka wofanana, madontho ake sagwa mwandondomeko: pena awiri pamodzi, pena kadanga. Kusalongosoka kumeneko kumabisa funde. Ukawonjezera mphamvu ya laser madontho amachuluka, phokoso limasalala, koma tsopano madonthowo amamenya galasi n'kuligwedeza. Galasi lake ndi la makilogalamu 40, kutsala pang'ono kufika thumba la chimanga, lolendewera pa timaulusi ta galasi, komabe mu 2020 anatha kuyeza kunjenjemera kwake kochokera ku quantum. Limeneli ndi lamulo la Werner Heisenberg la mu 1927, loti pali zinthu ziwiriziwiri zimene sungazidziwe zonse bwinobwino nthawi imodzi. Si vuto la chida choipa ayi, chilengedwe chili choncho.

Mu 1981 Carlton Caves anaona podutsira. Lamuloli limaletsa kuchepetsa kusatsimikizika mbali zonse ziwiri, koma sililetsa kukukankhira mbali imene ulibe nayo ntchito. Chubu cha njinga chopopa pang'ono ukachifinya apa chimatupa apo, mpweya ndi womwewo. Kuwala kofinyidwa chotero LIGO ndi Virgo zakhala zikukugwiritsa ntchito kuyambira 2019. Mu 2023 LIGO inayamba kugwiritsanso paipi ina ya mamita 300 imene imalola kufinya mbali ina pa mafunde ochedwa, mbali ina pa mafunde ofulumira. Lero mafunde amene agwidwa ndi oposa 200, ndipo zida zikamayenda bwino sipadutsa masiku ambiri osamva kugundana kwina.

Nkhani yachiwiri ndi imene ili yosatha: kodi gravity payokha ndi ya quantum? Mphamvu zina zonse, ya magetsi ndi maginito ndiponso ziwiri za m'kati mwa atomu, zimatsata malamulo a quantum. Ngati gravity imatsatanso, funde lake liyenera kukhala ndi madontho ake monga kuwala kuli ndi ma photon. Dzina analipereka kale, graviton, koma palibe amene anaionapo. Freeman Dyson anawerengera kuti chida chonga LIGO chotha kumva graviton imodzi chingafune magalasi olemera kwambiri moti chingagwere m'kati n'kusanduka black hole. String theory ndi loop quantum gravity, njira ziwiri zoyesa kugwirizanitsa gravity ndi quantum, ndi masamu ozama, ndipo ine ndimawalemekeza, koma palibe muyeso umene wasankha pakati pawo. Wina akakuuzani kuti LIGO yatsimikizira string theory, mum'patse mpando apume. Njira ina imene ndimaiona yolonjeza inaperekedwa mu 2017 ndi gulu la Sougato Bose, komanso paokha Chiara Marletto ndi Vlatko Vedral: kuika tinthu tiwiri ting'onoting'ono pafupi, kutseka mphamvu zina zonse, n'kuona ngati gravity yokha ingatilumikize m'njira imene quantum yokha imatha. Kuyesaku sikunatheke mpaka pano.

Pamene general relativity ndi quantum zimayandikirana kwambiri ndi pakhungu la black hole, malire amene kuwala kukawadutsa sikubwereranso. Mu 1971 Stephen Hawking anasonyeza mwamasamu kuti ma black hole akaphatikizana, kukula kwa khungu la watsopanoyo sikungachepe kuyerekeza ndi makungu a awiri aja pamodzi, ngakhale kulemera kwina kwathawa. Jacob Bekenstein anaona kuti lamuloli likufanana ndi la entropy, limene limati chisokonezo sichichepa, ndipo mu 1974 Hawking poika quantum m'masamuwo anapeza kuti black hole ili ndi kutentha kwake ndipo imatulutsa kuwala pang'onopang'ono. Kuwala kumeneko sikunaonedwe, koma lamulo la khungu linayesedwa bwino ndi funde la pa 14 January 2025, lomveka bwino kuposa onse a m'mbuyo. Makungu awiri pamodzi anali masikweya kilomita pafupifupi 240,000, kuwirikiza kawiri dziko la Malawi. Ataphatikizana khungu linafika pafupifupi 400,000. Fundelo linamvekanso mpaka kumchira kwake, pamene black hole yatsopano imalira ngati ng'oma yomenyedwa kamodzi, ndipo maliwu awiri amene anawasiyanitsa anagwirizana ndi yankho limene Roy Kerr wa ku New Zealand anapeza mu 1963, loti black hole yozungulira imadziwika ndi zinthu ziwiri zokha, kulemera ndi kazunguliridwe.

Chodabwitsa n'chakuti akatswiri a masamu sanamalize kutsimikizira kuti black hole ya Kerr ikagwedezedwa imakhazikikanso osasweka. Mu 2022 Elena Giorgi, Sergiu Klainerman ndi Jérémie Szeftel anamaliza umboni wa amene amazungulira pang'onopang'ono, ndipo gawo lomaliza lokha linali masamba pafupifupi 900. Za othamanga kwambiri zikudikirabe. Kwinanso, njira zowerengera zimene zinapangidwira tinthu togundana ku CERN, malo ofufuzira tinthu ta m'kati mwa atomu ku Ulaya, tsopano zikugwira ntchito yowerengera njira za ma black hole, masamu a quantum kuthandiza funde limene si la quantum.

Pali njira ina yomvera mafundewa imene mwana wa msodzi aimva msanga. Usiku wopanda mwezi, nyali za asodzi a usipa zimandandalika panyanja. Uli pagombe funde lalitali sulioona, koma ukaona nyali zikukwera ndi kutsika motsatizana umadziwa kuti likudutsa. Nyali za kumwamba ndi ma pulsar, nyenyezi za neutron zimene zimaphethira mosaphonya ngati wotchi. Funde la gravity likadutsa pakati pa ife ndi izo, kuphethirako kumafika mofulumira kapena mochedwa pang'ono. Mu June 2023 magulu angapo, kuphatikizapo NANOGrav imene inasonkhanitsa miyeso ya zaka 15, analengeza zizindikiro za mafunde aatali kwambiri, oti nsonga imodzi imatenga zaka kuti idutse. Ambiri akuganizira ma black hole akuluakulu a pakati pa milalang'amba. Iwo eni anati ndi umboni, sanati nkhani yatha, ndipo inunso muziphunzitsa choncho. MeerKAT, madishi 64 a m'chipululu cha Karoo ku South Africa, inatulutsa zotsatira za miyeso yake ya ma pulsar mu December 2024. Ku Ulaya akukonza LISA, masetilaiti atatu omvera mafundewa kumwamba, otalikirana makilomita 2.5 miliyoni, oti adzanyamuke cha m'ma 2035.

Miyeso ya LIGO ili pa intaneti kwaulere pansi pa dzina la GWOSC, ndipo kulira kwa funde la 2015 mukhoza kukutsitsa pafoni n'kuwamvetsera ana. Mnyamatayo akalimbikira Physics ndi masamu, njira ilipo kudzera ku Zomba kapena ku Mzuzu, ndipo ku Muizenberg, pafupi ndi Cape Town, kuli AIMS imene kuyambira 2003 imatenga achinyamata a mu Africa omaliza digiri ya masamu ndi sayansi.

Konzekeraninso, chifukwa akaugwira ukonde uja abwera ndi funso lachitatu: ngati mtunda wonse ukutalika, rula nayonso siitalika? Ndiye muyeza bwanji? Mumuuze kuti maatomu a rula amagwirana ndi mphamvu ya magetsi, imene imakana kukokedwa, pamene magalasi a LIGO analendewetsedwa dala kuti akhale omasuka kutsata malo. Ndipo chimene amayeza kwenikweni ndi nthawi imene kuwala kwatenga kupita ndi kubwerera. Liwiro la kuwala silisintha, ndiye njira ikatalika, kuwala kumachedwa.